Dzino la Tilabilenji

Ana anga, za ubwana wanga munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Ndikulemba ndili kuno ku Nabvutika, maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo ndaona kuti ndikazengereza mudzangotsala ndi nkhani za kunkhondo za abambo anu, zija zinkakula chaka ndi chaka. Iwe Tilabilenji, mwana wanga woyamba, mutu uno ndi wako makamaka. Wakhala ukundifunsa chifukwa chomwe unakulira kwa agogo ako amako ali moyo, ine n’kumayankha mozemba. Lero ndiyankha zonse.

1937: Sukulu yanga yoyamba

Ndinachoka ku Madzimoyo ndi setifiketi ya uphunzitsi, nditaikulunga m’nsalu ngati mankhwala. Akazi okhala ndi pepala limenelo m’boma lonse la Fort Jameson, komwe lero mukuti Chipata, tinali owerengeka. Ananditumiza ku sukulu ya m’mudzi wina pafupi ndi Mtenguleni, pakati pa Angoni, ine Mchewa wa kwa Phiri wosadziwa n’komwe kuti ng’ombe amaikama ataima mbali iti.

Kuti mumvetse zomwe zinandigwera, muyambe mwadziwa mmene dziko lathu linagonera masiku amenewo. Nthaka yabwino yambiri inali m’manja mwa kampani ya azungu ndi eni mafamu a fodya. Ina ankalimamo, ina inangogona tchire, koma ukadulamo mtengo unali mlandu. Ife anatiunjika m’malo omwe ankati lizevu, anthu ndi ng’ombe pamodzi, mpaka minda inatopa, zigwembe n’kudula njira za kumadzi. Mu lizevumo munali midzi ya Angoni ndi midzi ya Achewa, koma yambiri ya Achewa inali pansi pa nduna za Chingoni kuyambira nthawi ya mikondo. Achewa ankang’ung’udza kuti akufuna mafumu awoawo, Angoni n’kumati, “Tinakupezani mukubisala m’mapiri, lero mwaiwala?” Amuna ambiri anali ku Halale kapena ku migodi kukafuna za msonkho. Pamisonkhano pankalankhula madoda, amuna akuluakulu aja, koma mudzi ankauyendetsa ndi akazi.

Mphunzitsi wamkulu anali a Sakala, munthu wamfupi wokonda wezulo, amene ankapukuta njinga yawo kuposa nkhope. Tsiku loyamba anandiyang’ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, “Mayi NaPhiri, kunja kwa mpanda uwu kuli Angoni ndi Achewa. M’kati muno muli mitundu iwiri yokha, odziwa kuwerenga ndi osadziwa. Ntchito yanu ndi atsikana. Panopa ndili nawo ochepa moti akajomba mmodzi kalasi yonse imakhala ya anyamata.” Ndinayenda khomo ndi khomo, kuthandiza kusinja, kutong’ola chimanga, uku ndikunyengerera azimayi. Ena ankati sukulu imawononga mtsikana, ndiye ine ndinkayankha kuti, “Ndiyang’aneni, ndawonongeka pati?” Ankaseka, ndipo m’mawa mwake mtsikana ankabwera, mlongo wake ali kumsana.

Ndi kumeneko ndinakumana ndi abambo anu, a Jonasi Tembo, omwe ankayendetsa lole ya fodya. Abale awo anatumiza ng’ombe za malowolo monga mwa Chingoni. Atsibweni anga a Lufeyo, omwe kwathu ndiwo anali eni mbumba, anazilandira nkhope ili yothina, akuti Achewa sagulitsa mwana. Koma anazilandira. Apongozi anga a NaMiti anali mayi wamtali, wa makutu oboola, wosasiyana ndi fodya wa m’mphuno. Dzina langa sanalitchulepo. Kuyambira tsiku la ukwati ankangoti, “Iwe Sitifiketi.” Ndikagwada kupereka madzi ankati, “Kodi kugwadaku kunalinso m’mayeso? Wakhoza bwanji.”

1940 mpaka 1941: Mwana, nkhondo ndi kusowa

Iwe Tila unabadwa nkhondo ya azungu itayamba kale. Dzina anakupatsa ndi agogo ako. Ndisabise, ndinali mayi wamantha kwambiri. Ku Madzimoyo anatiphunzitsa mayina a matenda onse a ana, ndipo onsewo ndinkawaona pa iwe. Ukagona kwambiri ndinkaika khutu pachifuwa pako. Ukalira ndinkati malungo, ukapanda kulira ndinkati wafooka. Madzi ako ndinkawawiritsa mpaka apongozi anafunsa kuti, “Sitifiketi, ukulera mwana kapena ukuphika nyemba?” Pophunzitsa ndinkakugoneka pamphasa kuseri kwa bolodi, ndipo atsikana anga anaphunzira kuimba matebulo a samu monong’ona.

Usanayambe kuyenda, abambo ako analembedwa usilikali chifukwa ankhondo ankafuna odziwa galimoto. Anapita, ife n’kutsala. Zinthu zinasowa zaka zimenezo. M’masitolo a Amwenye ku Boma nsalu inkabisidwa pansi pa kauntala, ndipo telala wina wa Chiyao wa pakhonde anandisokera diresi ya kuntchito ndi matumba a ufa, nalumbira kuti ngakhale mkazi wa Bwana Disi, mzungu wolamulira boma lathu, angaisirire. Masileti akasweka panalibe ena, ana ankalemba pamchenga. Choko chitatha, a Sakala anatulukira nzeru youmitsa chinangwa kuti tizilembera pabolodi. Chinkalemba bwino ndithu, vuto linali lakuti ukangotembenuka, choko ana adya. A Sakala ankaimba wezulo n’kukuwa, “Ndani wameza samu?” Ngakhale zinali choncho, atsikana anga anadzaza mabenchi awo mpaka ena kumakhala pansi, ndipo dona woyendera masukulu atabwera anandigwira dzanja pamaso pa anthu.

1942: Kusamuka

Kenaka amesinjala anayenda m’midzi ndi uthenga woti boma lagula malo aja kwa kampani, ndipo midzi yothinana isamukira kumeneko. Kunali misonkhano yosatha. Ena ankakana kusiya manda a makolo awo. Nduna za Chingoni zinkafuna kuti midzi ikasamuka, ulamuliro wawo utsatire. Achewa anaona mwayi wothawa m’khwapa mwa Angoni. Atakangana kwa nthawi, dera lina lotchedwa Chimwala linagwera midzi ya Achewa ya m’dera lathu, ndipo atsikana anga ambiri anali a midzi imeneyo.

A Sakala anandiitana pansi pa mtengo wa mango, wezulo ali m’thumba, ine n’kudziwiratu kuti nkhani ndi yolemera. “Ku Chimwala akutsegula sukulu,” anatero. “Dona wati mupite inuyo. Mukapanda kupita, makolo sadzatumiza atsikana kwa mphunzitsi wamwamuna m’tchire muja. Ndipo ndikuuzeni zoona, alipo akuluakulu amene amati mkazi wa pabanja sayenera kukhala pantchito chifukwa satumika. Akungodikira wina akane.” Ndinavomera pomwepo, ndipo ndinanyadira. Koma pofika kunyumba ndinapeza apongozi atakhala pakhonde, iwe uli pamwendo pawo.

Pano ndifotokoze mwambo, chifukwa adzukulu anga sakuudziwa. Kwa Angoni a masiku amenewo, kuletsa mwana bere sinali nkhani ya mayi wake. Amayi a mwamuna ndi azimayi anzawo akaona kuti mwana wayenda ndipo wayamba kulankhula, ankangofika m’mawa wina osachenjeza, tsabola wosinja ali m’manja. Ankapaka pabere, mwana n’kulavula, basi n’kumunyamula kupita naye kunyumba ya agogo, komwe ankakulira akumwa chambiko, mkaka wogona uja. Kwathu kwa Achewa zimenezo kunalibe. Mwana ndi wa kuchikazi, amapita komwe apita amake.

“Ndamva ukupita kutchire,” anatero apongozi. “Pita bwino. Koma mwana wa kwa Tembo sapita. Wayenda, walankhula, bere lakwana.”

“Amayi, akadali wamng’ono.”

“Wamng’ono ndiye ukufuna kupita naye kopanda chitsime? Kumene kuli kashembe koti ng’ombe siingakhale? Akamwa chiyani ukamuletsa, inki?”

Ndinakulanda n’kulowa nawe m’nyumba. Kuyambira pamenepo m’mawa uliwonse ndinkadzuka n’kumasuzumira ngati azimayi akubwera ndi tsabola. Wina akangoti odi, ndinkakubereka n’kutulukira kuseri.

Nkhani inawapeza atsibweni anga a Lufeyo, ndipo anabwera ndi amuna awiri ovala majekete, a gulu lomwe linkamenyera ufumu wa Achewa. Atsibweni anali okwiya moona. “Ng’ombe zawo zilipo, zaswananso, ndibweza zonse,” anatero. “Mwanayu ndi mbumba yanga.” Koma mmodzi wa amajekete aja anaonjeza mawu amene anandiziziritsa. “Mayi, nkhani yanuyi ndi ya Achewa tonse. Ku khoti la mfumu mukaluza, ndiye tikaitengera ku Boma. Bwana Disi akaone yekha mayi wophunzira akulira, khanda atalandidwa. Palibe umboni woposa umenewo.” Ndinafunsa kuti, “Nanga mlandu ukamayenda, mwana azikhala kuti?” Anayang’anana. Za zimenezo anali asanaganize.

Loweruka lina ndinapempha a Sakala kuti andinyamule panjinga yawo tikaone Chimwala. Nthaka inali yakuda, yonona, yoti munthu wa mu lizevu akaiona misozi imalengeza. Anthu oyamba anali m’misasa, akugwetsa mitengo. Koma madzi ankafukula mumchenga wa mtsinje wouma, ofiira ngati thobwa. Mayi wina amene ndinkamudziwa anandionetsa mwana wake wa msinkhu wako, wotsegula m’mimba, maso atalowa. “Aphunzitsi, bweretsani sukulu,” anatero, “koma wanuyo muyambe mwamusiya.” Kenaka tinauyamba wobwerera. Ine ndinkaganiza chinthu chimodzi. Apongozi anga anali amwano, koma pa za madzi ndi mkaka sananame. Ndikakana ntchito, atsikana aja sukulu yatha. Ndikapita nawe, mwina ndikakuika m’manda kumeneko. Ndikapita ku khoti, udzakhala mbendera ya anthu osadziwa ngakhale dzina lako.

M’mawa wa Lolemba ndinathyola tsabola kuseri kwa nyumba yanga, ndinasinja ndekha, n’kukuyamwitsa komaliza mpaka unakhuta n’kuyamba kusewera ndi mkanda wanga. Kenaka ndinakubereka kupita kwa agogo ako, kambale ka tsabola kali m’manja. Ndinawapeza akuchokera kukhola. Ataona kambaleko anaima.

“Ichi n’chiyani, Sitifiketi? Tsabola amabwera naye ndi ife.”

“Ndikudziwa, amayi. Koma sindikufuna mwana wanga adzamve kuti analandidwa. Ndabwera naye ndekha. Itanani anzanu, chitani mwambo wonse.”

Anakhala pansi, nafwenkha fodya. “Ukufuna chiyani? Mchewa sabwera ndi mbale chabe.”

“Chimodzi chokha. Akadzagwa dzino loyamba, abwere kwa ine ayambe sukulu.”

“Mtsikana wa kwa Tembo azikakanda pamchenga ngati nkhuku?”

“Ngati amake.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anaitana azimayi awiri a pafupi nati, “Imvani, mudzakhale mboni. Dzino loyamba. Osati logwedera, logwa.” Tsabola anapaka okha. Unalavula, unandiyang’ana ngati ndakupereka kwa adani, ndipo agogo ako anakunyamula kulowa nawe m’nyumba. Ine ndinapita kukalasi, ndinaphunzitsa mpaka belu, kutsogolo kwa diresi yanga ya matumba kutanyowa ndi mkaka. Atsikana anaona, koma panalibe anaseka. Atsibweni sanandilankhule kwa nthawi yaitali, ankati ndagulitsa mbumba kachiwiri.

1943 mpaka 1945: Ku Chimwala

Pa ntchito zonse zomwe ndinagwira mpaka kupuma, ya ku Chimwala ndi yomwe ndimaiyang’ana mutu uli m’mwamba. Tinayamba pansi pa mtengo wa mkuyu. Makolo anaumba zidina, ndiye kuti njerwa, zomangira sukulu, atsikana anga anamweta udzu, ine ndinakwera padenga kulandira mitolo chifukwa amuna anali kukumba migula yomwe alangizi a zaulimi ankalamula m’minda yatsopano. Anthu ankadandaula ndi migulayo, koma chimanga chinabereka moti nkhalamba zina zinalira poona nkhokwe zitadzaza. Chitsime chinakumbidwa, ndipo ine ndinaumirira kuti chikhale pafupi ndi sukulu. Achewa anayamba kuweruza okha milandu yawo, ndipo posakhalitsa anayambanso kukangana okhaokha za malire, popanda Mngoni woti amunamizire. Mwa atsikana a pansi pa mkuyu paja munatuluka anamwino ndi aphunzitsi, ena mumawadziwa, amabwera kuno kudzandiona atanyamula nkhuku.

Koma mantha sanandichoke. Ndikamva kuti ku Mtenguleni kwagwa chikuku, chakudya sichinkalowa. Tchuthi chilichonse ndinkayamba ulendo tsiku lomwelo lotsekera. Ndinkakupeza wonenepa, wonyezimira, ukuthamanga kumbuyo kwa ana a ng’ombe. Unkandilandira katundu mwaulemu, n’kukuwa kuti, “Agogo, a Sitifiketi abwera!” Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, koma ndikalowa m’nyumba ndinkaluma nsalu. Ndinkakuuza kuti ndine amako, iwe n’kugwedeza mutu kuvomera, kenaka n’kunditchula momwemo. Utakulako ndinayamba chizolowezi chokutengera kuseri kwa nkhokwe, ndikuti ndione m’kamwa, n’kumagwedeza mano ako ndi chala limodzi limodzi. Tsiku lina apongozi anandipezerera.

“Sitifiketi! Ukugula ng’ombe?”

“Ndimangoona ngati akutsuka, amayi.”

“Tsuka ako. Tinati logwa lokha, osati lozula mphunzitsi.”

Pansi pa mtima sindinkakhulupirira kuti adzakubweretsa. Unali utasanduka mwendo wawo ndi maso awo, unkagona kumsana kwawo, ndipo ana awo aamuna onse anali kutali. Ndinkadziuza kuti dzino likadzagwa adzaliponya padenga monga timachitira tonse, kuti limere lina, n’kukhala chete mpaka ine ndidzabwere patchuthi, kenaka adzapeze chifukwa china.

1946: Dzino

Linali tsiku wamba la sukulu, dzuwa litakwera, ndikuphunzitsa kuwerenga. Ndinaona ana akuyang’ana panja. Pabwalo panaima mayi wamtali, fumbi mpaka m’mawondo, ndodo m’manja, kamtolo pamutu, ndipo pambali pake panali iwe, utanyamula chikho cha chambiko. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Mtenguleni, atagona panjira kwa anthu osawadziwa. Azimayi a kuchitsime anasiya mitsuko n’kubwera, chifukwa Mngoni wa makutu oboola anali asanapondepo pamudzi paja. Atsibweni anga, omwe anali atasamukira komweko, anafikanso akukoka mapazi.

Ndinathamanga kukagwada, koma apongozi anakana mpando, anakana madzi. Anamasula mfundo ya pakona ya nsalu yawo, natambasula dzanja. Munali kadzino kakang’ono ngati njere ya mpunga.

“Lagwa dzana, akudya nzimbe,” anatero mokweza kuti onse amve. “Anafuna kuliponya padenga langa, ine ndakana. Ndati tipite nalo, Achewa angadzati Angoni ndi abodza. Tsegula pakamwa, iwe.” Unatsegula, ndipo mpata unalipo, pansi kutsogolo. Apongozi anatembenukira kwa atsibweni. “Inu a Phiri, mwaona? Tapita ku khoti liti?”

Atsibweni anavula chipewa. “Mayi, khalani pansi mumwe madzi. Chitsime n’chathu, n’chabwino.”

“Ndimva ndekha ngati n’chabwino.” Anamwa, napukuta pakamwa, nati, “Alibe kukoma, koma sangaphe mwana.” Kenaka anakupatsa dzino lija m’manja. Iwe unayang’ana madenga a mudzi wachilendo, unayang’ana agogo ako, n’kufunsa, “Agogo, ndiponye pati?”

“Usandifunse ine. Denga langa walisiya. Funsa amako.”

Aka kanali koyamba kumva pakamwa pawo pakutuluka mawu amenewo. Unatembenuka, unandiyang’ana kanthawi ngati ukuyesa mawu atsopano ndi lilime pampata paja, n’kuti, “Amayi, ndiponye pati?”

Nyumba yanga inali pomwepo, koma ndinaloza denga la sukulu, lomwe udzu wake ndinaulandira ndi manja anga. Unaponya koyamba, dzino linagwera pansi, atsikana onse n’kugwada kulifunafuna m’fumbi. Kachiwiri linakakamira pamwamba. Apongozi anagona masiku ochepa, akunyoza ndiwo zathu ndi kalankhulidwe kathu, ndipo tsiku lobwerera anadzuka iwe usanadzuke. Ndinawaperekeza mpaka kumtsinje. Pamenepo anandiuza kuti usamagone kumbali ya khomo chifukwa umadzivundukula, n’kuwoloka osacheuka.

Abambo ako anabwera kuchokera kunkhondo chaka chomwecho, nakupeza ukulemba dzina lako lonse pamchenga, lalitali choncho, osaphonya. Patapita zaka, makolo atabwera kudzafolera sukulu ija mwatsopano, anafuna kutentha udzu wakale. Ndinakana. Ndinauza amuna aja kuti angoika watsopano pamwamba, ndipo anadandaula kuti denga lilemera. Chifukwa chake sindinawauze.